NJUCI NDI MANKHWALA OWAZIDWA NDI NDEGE

Boma la Chadiza liri kumwera kwa Chipata, ndipo licita malire ndi dziko la Mozambique. Anthu ace ambiri ndi Acewa, alimi a minda yaing'ono. Munthu woyenda nthawi ya dzinja m'dziko la Mfumu Mlolo kapena la Mfumu Zingalume aona munda wa cimanga, pambali pace nshawa, patsogolo pang'ono thonje kapena mpendadzuwa, ndipo kunsi kudambo kuli madimba ndi zitsime. M'kati mwa cimanga muyanga maungu. M'mitengo yotsala m'mphepete mwa minda, ndi m'thengo la kumapiri, alimi ena apacika ming'oma ya njuci. Zonsezi zakhala moyandikana, kotero kuti mwana woponya mwala ali pa munda wa atate wace, mwalawo ukagwera pa munda wa eni ace ena.

Kumapeto kwa caka ca 2016 mu Zambia munafika mdani watsopano wa cimanga, mbozi zochedwa nchembere zandonda, zimene kwao ndi ku America. Zinafalikira msanga. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Edgar Lungu, analamula ndege za asilikari kuti zinyamule mankhwala kunka nao ku zigawo zimene zinabvutika. Mlimi woona masamba a cimanga cace atabooka-booka akhoza kufunsa kuti, "Nanga Boma lilekeranji kutumiza ndege kuti zidzawaze mankhwala pa minda yonse tsiku limodzi, bvutoli lithe?" Funsoli si lopusa ai. Koma mlimi wa njuci akalimva agwidwa nthumanzi, ndipo ali ndi zifukwa zace.

Ndege zinathandizadi dziko lino pa nkhondo yolimbana ndi dzombe. Kuyambira caka ca 1930 kufikira 1944 dzombe lofiira linasautsa maiko ambiri a pakati ndi a kumwera kwa Africa. Linali kuswana m'madambo akuru a Mweru wa Ntipa, kumpoto kwa Zambia, ndi a Rukwa ku Tanzania. Kumene linatera, minda inatsala mapesi okha-okha. Cifukwa cace m'caka ca 1949 maiko anapangana kukhazika bungwe loyang'anira dzombe ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala. Bungwe limene linalowa m'malo mwace, la IRLCO-CSA, liri ndi likulu lace ku Ndola. Anchito ace alondola dzombe kumalo kumene liswana, naliphera komweko lisanauluke kunka ku minda. M'caka ca 2020, pamene dzombe la mtundu wina linabuka ca ku Sesheke ndi ku Mwandi, mankhwala anawazidwanso kucokera m'mwamba. Malo otere ndi zigwa zazikuru za udzu ndi madzi, zimene munthu wapansi sangathe kuzimariza. Ku Chadiza kulibe zigwa zotere.

Ndege yopha dzombe siithira mankhwala monga mvula. Iwatulutsa ngati nkhungu, timadontho tating'ono-ting'ono, ndipo lita imodzi ikwanira hekitala yathunthu. Timadonthoto sitigwa pansi pomwepo, koma mphepo ititenga nititaya pambali. Pa cigwa copanda midzi cimeneci ncabwino, pakuti malo akuru alandira mankhwala nthawi yocepa. Koma mphepo siidziwa malire a munda. Siidziwa kuti apa patha cimanga, payamba dimba la mpiru limene mai adzathyola mawa, kapena kuti pansi pa mkuyu uja pali citsime. Ndiponso mankhwala ambiri ophera tizirombo sasankha. Amene apha mbozi aphanso njuci.

Njuci zanchito zicoka mu mng'oma dzuwa likatuluka, kukafuna timadzi totsekemera ta m'maluwa ndi mungu, ufa wacikasu uja umene zinyamula ku miyendo yakumbuyo. Ziuluka makilomita awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira. Motero mng'oma ungakhale uli kutari ndi munda wopoperedwa, njuci zace zifikako ndithu. Zina zifera pa duwa pomwepo. Zina zisokonezeka, osadziwanso njira ya kwao. Koma zoopsa koposa ndi zimene zibwerera bwino ndi mungu wa mankhwala, pakuti mungu ndiwo cakudya ca ana a m'zisa. Mwini mng'oma apeza njuci zakufa ziri mbwee pansi pa mtengo, ndipo m'masabata otsatira mng'omawo unka nufooka. Dzira la njuci litenga pafupi masabata atatu kuti likhale njuci yanchito, ndipo njuciyo iyamba yagwira nchito za m'kati isanatuluke kunka ku maluwa. Mng'oma wotaya anchito ace pa nyengo ya maluwa ucira mocedwa, maluwa atayoyoka kale, ndipo caka cimeneco mwini wace safula kanthu.

Wina anganene kuti imeneyo ndi nkhani ya eni ming'oma okha. Munthu wotere apite m'munda m'mamawa akayang'ane ciluwe ca maungu. Adzapeza maluwa a mitundu iwiri pa mtsitsi umodzi. Ena ali ndi kaphesi koonda. Amenewo ndi amuna, ndiwo amai athyola kukaphika ndiwo. Ena ali ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwace. Amenewo ndi akazi. Mungu wa duwa lalimuna uyenera kufika pa duwa lacikazi m'mawa womwewo, pakuti dzuwa likakwera duwalo lifota, osatsegukanso. Wonyamula munguwo ndiye njuci. Njuci ikapanda kufika, kadzungu kaja kasanduka kacikasu nikagwa. Mpendadzuwa nayenso afuna njuci: zikacepa, njere zambiri zikhala mphwepwa zopanda mafuta. Cigawo ca Kum'mawa ndico cilima mpendadzuwa wambiri mu Zambia, motero mlimi amene sanapacikepo mng'oma ndi kale lonse adyera njuci za mnzace osadziwa. Cimanga cokha cibereka ndi mphepo. Komabe njuci zipita ku ngaiyaye zace kukatola mungu, ndipo mankhwala akhoza kuzipeza kumeneko.

Alimi a madimba ali ndi nkhawa zinanso. Ndiwo zamasamba zopoperedwa ziyenera kudikira masiku angapo zisanadyedwe, koma mai amene sanamve kuti ndege inapita adzathyola tsiku lomwelo. Mankhwala ena akagwera m'madzi apha nsomba. Nkhuku zitola tizirombo takufa. Ana agwira ziwala ndi dzombe kuti akakazinge, ndipo dzombe lofooka ndi mankhwala ndilo losabvuta kugwira. Ici ndi cifukwa cace alangizi aletsa kudya dzombe la kumalo opoperedwa. Uci nawonso uli ndi msika wace. Uci wa ku Zambia ufika mpaka ku Ulaya, ndipo kumeneko aupima; ukapezeka ndi mankhwala, aukana.

Codabwitsa ndi cakuti pa nchembere zandonda ndege siingathandize kweni-kweni. Mbozi imeneyi ikakula ibisala mu mtima wa cimanga, pamene masamba atsopano atulukira, niidzibisa ndi ndowe zace zonga utuci. Nkhungu yocokera m'mwamba igwera pa masamba akunja. Mlimi wapansi ndiye akhoza kulunjika mu mtimamo. Ena aphwanya mazira ndi zala, ena athiramo mcenga, dothi kapena phulusa, ndipo pa munda waung'ono nchitoyi itheka ngati banja liyendera cimanga kawiri-kawiri cikali canthete.

Anthu a nzeru za ulimi akhala akufuna njira zopulumutsira njuci. M'caka ca 2009 ku Tanzania, ca ku Katavi, dzombe lofiira linawazidwa mankhwala ochedwa Green Muscle. Amenewa si ululu ai, koma ndi mbeu za nkhungu ina yonga cuku, imene imera m'thupi la dzombe ndi ziwala niizipha, osabvuta njuci, mbalame kapena nsomba. Cobvuta cace ndi cakuti ipha mocedwa, patapita sabata kapena kuposa, ndipo mlimi wamantha safuna kudikira. Caka comweco maiko ogwirizana a ku Ulaya anapanga lamulo loletsa kuwaza mankhwala ndi ndege, kupatula pamene cilolezo capadera caperekedwa. Kuno ku Zambia bungwe loyang'anira mankhwala otere ndi ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2011.

Ngati kuwaza kuli kosapeweka, cimene mlimi wa njuci apempha poyamba ndi mau. Mfumu, nyakwawa ndi mlangizi akamva tsiku, anthu abvundikira zitsime, natsekera ziweto. Mng'oma wa matabwa autseka usiku naufunditsa masaka onyowa kuti njuci zisapse ndi kutentha, kapena aunyamula kunka nao kutari. Koma mng'oma wa khungwa, wopacikidwa pamwamba pa mtengo, ngwobvuta kutsitsa uli ndi njuci, ndipo njuci sizingatsekeredwe masiku ambiri.

Ku Chadiza mankhwala amene njuci zikomana nao caka ndi caka sacokera m'ndege, koma mu sipuleya, mpope uja wobereka kumsana. Thonje lipoperedwa kangapo pa nyengo imodzi, ndipo njuci zikonda maluwa ace. Mlimi wosamala apopera madzulo, njuci zitabwerera kwao ndipo mphepo italeka. Auza mnansi wace wa ming'oma kukali tsiku limodzi kapena awiri. Satsukira mpope wace pa mtsinje kapena pa citsime, pakuti m'mwezi wa October, pamene kwatentha, njuci zisonkhana pa madzi otsala m'mitsinje monga wa Nsadzu, kutunga madzi oziziritsira ana ao m'zisa.