Kabokosi kamene kamayeretsa utsi wa galimoto

Galimoto zoyendera petulo zodutsa pa Njuli ndi pa Namadzi m'boma la Chiradzulu zimatsalira ndi tizigawo ta mafuta tosapsa bwino mu injini. N'chifukwa chake pa paipi ya ekizozi pamakhala kabokosi kotchedwa catalytic converter, ka timabowo tonga chisa cha njuchi, topakidwa zitsulo za platinum, palladium ndi rhodium.

Tizigawoto tikafika m'menemo timakanirira pa zitsulozo. Kukanirirako kumafooketsa kulumikizana kwa carbon ndi hydrogen, ndipo oxygen amene wakanirira pomwepo amaphatikana nazo. Chotuluka ndi nthunzi ya madzi ndi carbon dioxide. Izi zimayamba kabokosiko kakatentha kufika madigiri pafupifupi 300.

Mwini galimoto akakachotsa n'kukagulitsa, utsi wosayeretsedwawo umathera m'mapapo mwa anthu ochita malonda m'mbali mwa msewu.