Hard disk ikonzedwe kaye Windows yatsopano isanalowe

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10. Kwa okonza makompyuta ndi ogulitsa malaputopu akaunjika ku Livingstonia, komwe kuli ophunzira a University of Livingstonia, kuika Windows 11 ndi mpata wopezerapo ndalama. Koma wochita mwaphuma akhoza kufufuta ntchito ya mwini wake ya chaka chonse, n'kutaya kasitomala.

Choyamba, wokonza akopere mafayilo onse a kasitomala pa disiki ina, ndipo mwiniwakeyo aone yekha kuti afikadi. Kenako ayeze disikiyo ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Ikaonetsa chenjezo, kapena ngati disiki ikulira kuti tcheketcheke, ndi bwino kuisintha, chifukwa kufomata sikuchiza disiki yotha.

Windows 11 imafuna malo osachepera 64 GB, RAM ya 4 GB, TPM 2.0 komanso UEFI. Disiki ikhale ya GPT, osati MBR yakale. Fulashi yoikira ikhale ya 8 GB kapena kuposerapo. Pofufuta zigawo za disiki, wokonza aonetsetse nambala ndi kukula kwake kuti asafufute disiki yolakwika. Batire ikhale yodzaza kuopa kuti magetsi angathime ntchito ili mkati.

Wogulitsa laputopu yakale adziwenso kuti quick format siichotseratu zinthu. Zithunzi za mwini woyamba zikhoza kubwezedwa. Full format imatenga nthawi koma imafufutiratu. Makina osakwanira Windows 11 akhoza kuikidwa Linux Mint, yomwe ndi yaulere, ndipo kasitomala auzidwiretu asanalipire.