Uci Wokhwima Ndiwo Mankhwala a Zironda

Inu eni mbumba amene muli ndi ming'oma m'thengo, dziwani kuti uci si cakudya cokha ai, ulinso mankhwala. Cironda cimacita mafinya cifukwa ca tizirombo tosaoneka ndi maso. Koma mu uci wokhwima madzi ali ocepa, monga magawo 18 mwa magawo 100, ndipo uciwo umayamwa madzi a m'tizirombo, kotero kuti sitingathe kuswana. Ndiponso njuci zimathiramo mankhwala ena opha tizirombo, amene mphamvu yao imatha ndi moto.

Cifukwa cace pofula njuci, tengani zisa zomata ndi phula zokha. Uci wosamata uli ndi madzi ambiri, ndipo umasasa msanga. Musauphike, finyani zisazo, sefani pa nsaru yoyera, ndi kuusunga m'botolo louma lotseka bwino.

Munthu akapsa pang'ono kapena kudziceka, tsukani cirondaco ndi madzi owiritsa atazizira, pakani uci, mangani nsaru yoyera, ndi kuisintha tsiku ndi tsiku. Koma cironda cakuya, cacikuru, kapena cotupa, fulumirani naco kucipatala. Ndipo mwana wosakwana caka cimodzi musamdyetse uci konse, pakuti ungamdwalitse nthenda yoopsa.