Kota yofanana ikufinya osunga mabuku a kutali

Aliyense amene analowapo m'bungwe m'dziko muno amawadziwa mawu awiri awa: joya, ndalama yolipira kamodzi polowa, ndi kota, imene munthu amapereka mwezi ndi mwezi kapena pachaka. Mabungwe a anthu ogwira ntchito m'malaibulale nawo amayendera ndalama zomwezi, ndipo m'maiko ambiri akhala akukangana pa funso limodzi: kodi mkulu wa laibulale ya yunivesite ndi wothandizira amene amasanja mabuku pa sukulu azilipira ndalama yofanana?

Funsoli likukhudza ndithu anthu a m'chigawo cha Niassa. Ku Lichinga kuli laibulale ya chigawo, kuli nthambi ya Universidade Rovuma ndi ya Universidade Católica de Moçambique, koma m'maboma monga Lago, Sanga ndi Mandimba kawirikawiri wosunga mabuku amakhala mphunzitsi amene anangopatsidwa kiyi wa kabati. Biblioteca Nacional, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1961, ili ku Maputo, mtunda woposa makilomita 2,000 pa msewu, ndipo maphunziro ambiri a ntchitoyi amachitikira komweko. Munthu wa ku Metangula akalipira kota yofanana ndi mnzake wa ku likulu, wina amayenda wapansi kupita ku msonkhano pamene wina amangomva kuti msonkhano unachitika.

Anzathu a ku Malawi anaiyamba kale nkhaniyi. Bungwe lawo la Malawi Library Association linakhazikitsidwa m'chaka cha 1976, ndipo mu 1979 linayamba kuphunzitsa othandizira m'malaibulale mpaka kuwapatsa satifiketi. Apa membala wa malipiro ochepa ankaona ndi maso chimene bungwe likumuchitira, popeza pepalalo linkamuthandiza pa ntchito. Bungweli linalandiranso msonkhano waukulu wa osunga mabuku a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, wotchedwa SCECSAL, ku Blantyre mu 1994 ndi ku Lilongwe mu 2014.

Koma ndalama ya kumeneko yaonetsa vuto lina limene bungwe lililonse liyenera kuliopa. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi K25 pa K100 iliyonse, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi K44 pa K100 iliyonse. Kota imene inalembedwa m'malamulo a bungwe siisintha mpaka mamembala atakumana pa msonkhano waukulu, chonsecho mtengo wa pepala, wa galimoto ndi wa holo sudikira msonkhano. Zikatero atsogoleri amakhala zaka zingapo ali chete, kenaka n'kukweza kota kamodzi n'kamodzi, ndipo oyamba kuthawa amakhala aja a malipiro ochepa. Akuluakulu a kuno sangadabwe nazo: akukumbukira mmene metikali yakale inaguga mpaka boma linachotsa maziro atatu mu 2006.

Ku America, bungwe la American Library Association, limene linayamba mu 1876, linapeza njira yake. Mu 2013 mamembala anavomereza kuti kota izikwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka molingana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Kukwera kotere sikupweteka ngati kuja kodzidzimutsa. Bungwe la dziko lonse la IFLA, limene linabadwa ku Edinburgh mu 1927 ndipo likulu lake lili ku The Hague, limagawa maiko m'magulu, kotero kuti laibulale ya m'dziko losauka monga Mozambique kapena Malawi siilipira mofanana ndi ya ku Germany. Mabungwe a m'maiko amene ali mamembala ake amalipira malinga ndi ndalama zimene amagwiritsa ntchito pachaka.

Ngati maiko angathe kugawidwa chonchi, anthu a m'bungwe limodzi angalepherenji? Chovuta chilipo chimodzi. Kota yotsata malipiro imafuna kuti aliyense aulule zimene amalandira, ndipo pa nkhani ya malipiro anthu ambiri, ngakhale opemphera, amatchula nambala yochepa. Msungichuma wa bungwe, amene amagwira ntchitoyi mongodzipereka akaweruka, sangayendere ofesi iliyonse kukaona mapepala a malipiro. Chotheka n'kuika masitepe atatu okha: ophunzira, othandizira, ndi amene ali ndi madigiri kapena maudindo. Udindo wa munthu subisika ngati malipiro ake. Mayunivesite ndi maofesi a boma azilipira kota yawoyawo yokulirapo, chifukwa wogwira ntchito akaphunzira, opindula ndi iwowo.

Kalipiridwe nakonso n'kofunika. Wothandizira amene sangatulutse ndalama ya chaka chonse nthawi imodzi angathe kutumiza pang'ono mwezi uliwonse pa M-Pesa kapena e-Mola, osafunika kukaima pa mzere ku banki.

Komabe kutsitsa kota pakokha sikungamukope munthu wa ku Cuamba kapena ku Marrupa ngati ndalama yonse izithera ku likulu. Gawo lina liyenera kutsala m'chigawo momwemo, lilipirire maphunziro a masiku awiri kapena atatu ku Lichinga: kalembedwe ka kaundula wa mabuku, kasokedwe ka mabuku ong'ambika, katetezedwe kake ku chiswe ndi chinyontho cha dzinja. Sukulu za ku Lago zimene zimaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi zimasowanso mabuku a chinenero cha kwawo, pamene kutsidya kwa malire a Mandimba ndi Chiponde mabuku a Chichewa amasindikizidwa ndi kugulitsidwa. Ulendo wa munthu mmodzi wokagula mabukuwo ndi kukacheza ndi a National Library Service ku Lilongwe ungathe kulipiridwa ndi kota ya mamembala ochepa chabe.