Matauni Athu: Nkhoma, Kumene Nkhalamba Imafika Ponseponse Wapansi

Munthu wochokera ku Lilongwe akatsata msewu wa M1 kulowera ku Dedza, amadutsa pa Nathenje n'kufika pa Kamphata, pomwe pali mphambano yokhotera kumanzere. Msewu wa tala umenewo umakathera m'tsinde mwa phiri la Nkhoma, makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda. Nkhoma si tauni ngati Dedza kapena Salima, komanso si mudzi. Pali chipatala, sukulu, tchalitchi chachikulu, msika, magetsi ndi nyumba zakalekale za njerwa zootcha, koma ukangoyenda pang'ono waponda kale m'mizere ya chimanga ndi mtedza. Malo otere ndiwo amene anthu opuma pa ntchito amawalakalaka, ndipo ukawafunsa chifukwa amati zinthu n'zotchipa komanso kulibe phokoso. Zonsezo n'zoona, koma sizokwanira kuti malo akhale abwino kukalambirako. Chimene Nkhoma ali nacho, chomwe midzi yambiri ndi mizinda yathu ilibe, n'chakuti zofunika za munthu wamkulu zili pamtunda woti akafike ndi miyendo yake, ndodo ili m'manja, osadikira mwana kapena kulipira galimoto.

Zimenezi sizinangochitika mwangozi. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 mpingowo unatsegula mishoni pa Nkhoma, m'dera la Mfumu Mazengera, amene anthu ake ankathawira pamwamba pa phiri nthawi ya nkhondo. Pambuyo pake likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kubwera pano. Chipatala chinayamba mu 1915, ndipo dzina la William Murray, amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922, lidakalipo pa sukulu ya sekondale. Anthu a nthawi imeneyo ankayenda wapansi, choncho zonse anazimanga moyandikana: tchalitchi, sukulu, chipatala, nyumba yosindikizira mabuku. Lilongwe, amene anakhala likulu la dziko mu 1975, anamangidwa ndi maganizo ena, oganizira munthu wa galimoto. Wokhala ku Area 25 kapena ku Area 23 akafuna kuonana ndi dokotala pa Kamuzu Central Hospital ayenera kulimbana ndi minibasi, nthawi zina ziwiri, ndipo kwa munthu wa zaka 70 wodwala nyamakazi ulendo umenewo umatha tsiku lonse ndi mphamvu zonse.

Za kutchipa tizinene mosamala, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Ndalama ya penshoni siyenda liwiro limodzi ndi mitengo ya zinthu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mphunzitsi amene anapuma zaka khumi zapitazo anaona ndalama yake ikusungunuka osachitapo kanthu. Mumzinda munthu wotere amagula chilichonse: lendi, madzi, makala, ufa, ngakhale nkhwani. Pa Nkhoma, amene ali ndi nyumba yake ndi kamunda amachotsa lendi ndi ufa pa mndandanda, ndiwo zamasamba amathyola kuseri kwa nyumba, nkhuku zili m'khola. Koma sopo, shuga, mafuta ophikira ndi feteleza sizidziwa kuti wogulayo ndi wa kumudzi. Zimachokera mumzinda momwemo ndipo zimafika zitakwera kale ndi mtengo wa mayendedwe. Ndiye kutchipa kwa Nkhoma n'kwa munthu amene ali ndi malo komanso mphamvu zolima kapena ndalama yolipira aganyu. Wobwera chimanjamanja, woti achite lendi ndi kugula chimanga pamsika mwezi wa February, sadzapeza kusiyana kwakukulu.

N'chifukwa chake chipatala ndicho chiyenera kukhala poyambira pa nkhaniyi. Chipatala cha Nkhoma chimadziwika dziko lonse ndi ntchito ya maso, makamaka opaleshoni ya ng'ala, matenda amene amagwira kwambiri okalamba. Aliyense amene anaimapo pakhomo la wodi ya maso amadziwa chithunzi chake: gogo akulowa atagwira nsonga ya ndodo, mdzukulu ali patsogolo kumukoka, ndipo patapita masiku ochepa gogo yemweyo akutuluka yekha, akuyang'anitsitsa maluwa a pachitenje chake ngati akuwaona koyamba. Anthu amachokera kutali kudzafuna chithandizo chimenechi, pamene wokhala pa Nkhoma amangotsetsereka kapena kukwera kamtunda. Kwa odwala BP ndi shuga, amene ayenera kukapimitsa mwezi ndi mwezi mpaka moyo wawo wonse, kuyandikira kotere ndiko kumasiyanitsa munthu womwa mankhwala mwandondomeko ndi amene amangomwa akapeza ya thiransipoti.

Wina anganene kuti chipatalachi n'cholipira, ndipo akunena zoona. Ndi cha Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP, chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, ndipo zipatala za CHAM zimalipiritsa. Mapangano amene boma limachita ndi zipatala zoterezi, oti anthu alandire thandizo laulere, akhala akutsamira kwambiri kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Palibe wotsutsa kufunika kwa amayi ndi ana. Koma dandaulo limeneli silichotsa ubwino wa Nkhoma. Likungoonetsa pamene pakusoweka. Nyumba zilipo, madokotala alipo, anamwino akuphunzitsidwa pomwepo. Chotsala n'chakuti mankhwala a matenda a ukalamba alowe m'mapangano amenewo, ndipo popeza Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba mu 2024, boma lili nacho choimirapo kuti lichite zimenezi. Kuwonjezera mzere pa pangano n'kosavuta poyerekeza ndi kumanga chipatala pomwe palibe.

Dandaulo lina n'lolemera kuposa limeneli. Bata la kumudzi si nthawi zonse limakhala mtendere kwa nkhalamba. Mu January 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa ku Neno atanamiziridwa ufiti mphezi itapha mtsikana, ndipo bungwe loimira anthu okalamba la MANEPO lakhala likulira chaka ndi chaka kuti nkhanza zotere sizikutha, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Palibe dera limene linganene kuti mtima umenewu ulibe. Komabe, nkhalamba imene imagwa m'zoterezi kawirikawiri ndi ija yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, yopanda woiyendera, yoti ikasowa masiku atatu palibe wofunsa. Pa Nkhoma munthu wamkulu amakhala ndi pomwe akuyembekezeredwa. Bambo wovala jekete ndi tayi amene akukwera kamtunda Lamlungu m'mawa, Baibulo lokutidwa ndi pulasitiki lili m'khwapa, ndi mkulu wa mpingo amene mawu ake amamveka pa mlaga ndi pa maliro. Mayi wa duku loyera ndi wa Chigwirizano cha amayi a mumpingo, ndipo akadwala anzake amabwera ndi ufa, nkhuni ndi nyimbo. Abusa, aphunzitsi ndi anamwino opuma amadziwika ndi maina awo kwa anthu amene anawabatiza, kuwaphunzitsa kapena kuwabadwitsa. Chitetezo chimenechi ndalama sigula, ngakhale ndiyenera kuvomereza kuti chimafunditsa bwino wa mumpingo kuposa mlendo wachipembedzo china, amene ayenera kudzipezera yekha anzake.

Enanso amafunsa ngati dziko la achinyamata ngati lathu lili ndi nthawi yoganizira malo okalambira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali osakwana zaka 18. Koma ana ambiri mwa amenewo akuleredwa ndi agogo, ena chifukwa makolo anatha ndi Edzi, ena chifukwa makolo ali ku Joni kapena mumzinda kusaka maganyu. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma gogo amene maso ake akuona ndipo BP yake ili m'malo ndiye amaphikira mdzukulu phala n'kumutumiza kusukulu. Nkhoma si malo a nkhalamba zokha. Ophunzira a pa yunivesite, a unamwino ndi a za ubusa amadzaza misewu, ndipo anyamata a kabaza amalirima ndi njinga zamoto kuchokera pa Kamphata. Kusakanikirana kumeneku n'kumene kumapatsa wopuma ntchito munthu womubwereketsa chipinda, womugula mazira, kapena womuwerengera uthenga wa pa foni.

Choopsa chenicheni chili pa nthaka. Lilongwe anali kale ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni mu 2018, ndipo akutambalala motsata misewu ikuluikulu. Kulikonse kumene tala wafika, ogula malo amafikanso, ndalama zili m'manja, ndipo banja limene lapanikizika ndi fizi kapena matenda limagulitsa munda umene gogo amadyapo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kulembetsa munda wake kuti ukhale ndi pepala, koma pepala lomwelo lingapeputsenso kugulitsa ngati lili m'dzina la mwana wokhala kutauni. Khonsolo ya boma la Lilongwe, Sinodi ndi mafumu a kwa Mazengera ayenera kugwirizana msanga za pomwe nyumba zatsopano zimangidwe ndi pomwe minda isakhudzidwe, kuonetsetsa kuti maina a amayi amasiye ndi okalamba akulembedwa pa malo amene akulima, ndiponso kuti mipanda ya njerwa ya obwera kumene isatseke tinjira tachidule topita kuchipatala, kumsika ndi kuchigayo.