Siketi Yopanda Mpendero

Amayi anzanga, sabata ino mundilole tiike kaye pambali za kaphikidwe ndi kasamalidwe ka pakhomo. M'bokosi la gulu lathu, momwe timasungamo ulusi, singano ndi sizasi, muli siketi yabuluu yopanda mpendero. Mwini wake adaisiya Lachisanu pa 10 Malichi 2023, nati adzaimaliza sabata inayo.

Dzina lake sindilitchula, pakuti makolo ake alipo ndipo bala likadali laliwisi. Mwanayu adayamba kufika pagulu pathu ali Sitandade 4, atabereka mng'ono wake kumbuyo kuti mayi ake apeze mpata wophunzira kusoka. Ankatola tizidutswa ta nsalu pansi nkumasokera chidole chake cha dothi. Tsiku lina ndidampatsa singano yakeyake, ndipo pasadathe chaka msoko wake udali woongoka kuposa wa amayi ena amene adayamba iye asadabadwe. Ena zidawawawa ndithu, koma zimenezo nzathu ife amayi.

Atasankhidwa kupita ku sekondale, ine mphunzitsi ndidasanduka wophunzira. Sukulu ndidalekezera Sitandade 6, tsono buku la banki mkhonde linkandizunguza mutu. Iye ankagwada pambali panga, naloza ndi chala, nanena motsitsa mawu kuti, "Mayi, kapena pano paiwalika chiwongoladzanja." Sadandichititsepo manyazi pamaso pa anzanga. Ankafuna kudzakhala namwino, ndipo chaka chimenecho adali Fomu 2.

Za namondwe wa Freddy nonse mukuzikumbuka. Adayambira kutali, kufupi ndi Australia, mu Febuluwale 2023, nawoloka nyanja yamchere ya India, nawononga ku Madagascar ndi ku Mozambique, nabwerera m'nyanja, nkudzalowanso kumtunda cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Akatswiri a zanyengo adatsimikiza pambuyo pake kuti adatha masiku 36, motalika kuposa namondwe aliyense amene adalembedwapo. Kuno kum'mwera mvula idagwa usana ndi usiku osalekeza, kufikira dothi la m'phiri la Soche lidakhuta madzi nkulekana ndi thanthwe. Matope, miyala ikuluikulu ngati nyumba ndi mitengo yozuka zidatsikira pa Chilobwe anthu ali m'nyumba. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira udakokoloka, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe kudalinso maliro osaneneka. Omwalira pamodzi ndi osowa adaposa 1,000, osowa pokhala adaposa 600,000, ndipo boma lidalengeza masiku 14 a maliro a dziko lonse.

Usiku umenewo mayi ake adatsikira kumunsi ndi ana aang'ono kukagona kwa mbale wawo. Iye adatsala kuti akweze mabuku ndi thumba la ufa pamwamba, ati atsatira mvula ikachepa.

Tidamfuna masiku asanu ndi anayi. Abambo ndi anyamata ankakumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja. Ife tinkayenda ndi mayi ake m'misasa ya m'masukulu, ndi ku nyumba ya chisoni ya pa chipatala cha Gulupu, kuvundukula nsalu pankhope za ana a eni ake. Sitidampeze, ndipo mpaka lero alibe manda.

Apa mpamene ndikufuna mundimvetse, inu amayi. Maliro a mtembo tikuwadziwa kayendetsedwe kake: timasonkha ufa, timagona pasiwa, timaimba mpaka mbandakucha, tikaika nkumeta, ndipo mtima umayamba kutsika. Nanga mayi amene sadaone bokosi, mumamtonthoza bwanji? Ambiri tidalakwitsa. Tidapita sabata yoyamba, kenaka aliyense adabwerera ku mavuto ake. Ena pofuna kumlimbitsa mtima ankati, "Iwalani, muli ndi ana ena," monga kuti mwana ndi mbale yadothi yoti ikasweka ugula ina. Enanso adaleka kutchula dzina la mwanayo poopa kumliza. Mayiyo adandiuza yekha kuti chimene chinkamupweteka koposa nchakuti anthu adakhala chete ngati sadaberekepo mwana wotere. Ngati pamudzi panu pali mayi wotero, kaya mwana adapita ndi madzi, kaya adamira panyanja, pitani mukakhale naye ngakhale papita zaka. Mtchuleni mwanayo, nenani zimene mukumkumbukira. Akalira, musamletse.

Pali chinanso chimene sindingachibise. Makolo athu ankati ndi Napolo, chinjoka chotuluka m'phiri kupita kunyanja. Chidachitika ku Zomba mu 1946, chidachitikanso ku Phalombe mu 1991. Sindikutsutsana ndi akuluakulu, koma ine ndidakula ndikuliona phiri la Soche lili ndi mitengo, ndipo ndidaliona likumetedwa mpala. Nkhuni tinkasenza ndife, makala tinkagula ndife, ndipo nyumba zidakwera kufikira pamalo pamene kale pankayenda anyani okha. Sindikuweruza munthu, poti lendi m'tauni ndi yowawa ndipo wosauka amamanga pamene wapeza. Komabe wailesi idachenjeza kusadachitike, ndipo ambiri tidati mvula ndi mvula basi. Ine ndemwe ndidamva chenjezolo, koma sindidakwere kukauza mnzanga kuti asasiye mwana ndi mmodzi yemwe kumtundako. Chimenechi ndimagona nacho.

Mng'ono wake uja, amene ankaberekedwa kumbuyo, tsopano amafika Lachisanu lililonse ndipo singano waizolowera. Mwezi wathawu ndidatulutsa siketi ija, ndidafunsa mayi ake ngati tingaipinde mpendero kuti mwanayu azivala, poti msinkhu wayandikira. Adaitenga, naiyala pamiyendo, nayendetsa chala pamsoko wonse kuyambira m'chiuno kufika pamene ulusi udalekezera. Kenaka adaipinda bwinobwino nandibwezera.

"Isungeni kaye, mayi," adatero. "Ndidzakuuzani."