Atsegula akaunti, apeza ndalama za eni

Lamulungu madzulo pa 22 April 2018, makasitomala a banki ya TSB ku Mangalande adayamba kutsegula maakaunti awo pafoni ndi pakompyuta. Bankiyi idali itatseka ntchito zake za pa intaneti kuyambira Lachisanu, ndipo idalonjeza kuti pofika 6 koloko madzulo a tsikuli zonse zikhala zitabwerera m'chimake.

Ambiri adakanika n'kulowa komwe. Koma ena mwa omwe adalowa adagwira pakamwa. Pafoni pawo padaoneka maakaunti a anthu ena, nambala zake, ndalama zomwe zidalimo komanso momwe eni ake amazigwiritsira ntchito.

Wina anganene kuti nkhaniyi ndi yochepa poti palibe khobidi lomwe lidasowa usikuwo. Komatu sitetimenti ya kubanki imaulula zambiri kuposa mneba wamiseche. Imanena malipiro a munthu, ngongole zomwe akubweza, komwe amagula zinthu, ngakhalenso yemwe amamutumizira ndalama mwezi ndi mwezi akunyumba asakudziwa.

Gwero la chipwirikitichi lidali msamuko. TSB idapatuka kubanki ya Lloyds mu 2013, koma idapitiriza kugwiritsa ntchito makina a kompyuta a Lloyds, n'kumalipira. Mu 2015 banki ya Sabadell ya ku Spain idagula TSB ndipo idaganiza zosamutsira makasitomala onse 5.2 miliyoni kumakina atsopano otchedwa Proteo4UK, omwe adakonzedwa ndi Sabis, kampani ya Sabadell yomweyo. Maina ndi ndalama zidasamuka bwinobwino, koma makinawo adagonja anthu atangoyamba kuwagwiritsa ntchito. Lipoti la maloya a Slaughter and May, lomwe lidatuluka mu November 2019, lidapeza kuti makinawa sadayesedwe mokwanira asadawasenzetse katundu wotere.

Akathyali sadachedwe kununkhiza. Adayamba kutumiza mauthenga pafoni ndi pa imelo monamizira kuti ndi ogwira ntchito ku TSB omwe akufuna kuthandiza. Munthu yemwe watha sabata asakuona ndalama zake savuta kumupusitsa. Mu June chaka chomwecho mkulu wa bankiyi, Paul Pester, adauza komiti ya aphungu a nyumba ya malamulo yoona za chuma, yomwe wapampando wake adali Nicky Morgan, kuti makasitomala pafupifupi 1,300 adaberedwa ndalama. Ena mwa iwo ankati akaimba foni kuti adziwitse banki, amadikira kwa maola popanda woyankha.

Chomvetsa chisoni, mwinanso choseketsa, chidachitika kwa omwe adadandaula. Banki idawalembera makalata ovomereza kuti yalandira madandaulo awo, koma m'maenivelopu ena mudalowanso makalata a anthu ena, okhala ndi maina ndi maadiresi awo. Wodandaula kuti chinsinsi chake chaululika adalandira chinsinsi cha mnzake kudzera papositi.

Nanga munthu wolakwiridwa chotere amalowera kuti? Malamulo a m'dzikolo amati ayambe wadandaula kubanki komweko, ndipo pa madandaulo ambiri banki imapatsidwa masabata 8 kuti ipereke yankho lomaliza. Nthawiyi ikadutsa, kapena yankho likakhala losakhutiritsa, kasitomala amatengera nkhani yake kubungwe la Financial Ombudsman Service, lomwe limaweruza milandu ya pakati pa mabanki ndi makasitomala kwaulere. Koma pali msampha wa nthawi: dandaulo liyenera kufika kubungweli pasadathe miyezi 6 chilandirireni yankho lomaliza la banki. Ufuluwu suyang'ana mtundu wa munthu, kotero ngakhale Amalawi omwe amasunga ndalama m'mabanki a kumeneko ali nawo.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Ofesi ya Information Commissioner, yomwe imateteza zinsinsi za anthu, ingathe kufufuza ndi kulanga banki, koma siilamula kuti wodandaula apatsidwe ndalama. Chipukutamisozi chimachokera kubanki mwini wake, kwa ombudsman kapena kukhoti. Ndipo sichiwerengedwa pa ndalama zobedwa zokha. Ombudsman amaonanso nkhawa ndi kuvutika komwe munthu wadutsamo, monga nthawi yomwe wataya pafoni, ulendo wa kunthambi ya banki, kapena manyazi okanizidwa katundu m'sitolo khadi itakana kugwira ntchito. Yemwe adasunga makalata ndi malisiti, n'kulemba tsiku lililonse lomwe adaimba foni, ndiye amakhala ndi pogwira.

Ku TSB madandaulo adachita kusefukira. Malingana ndi bungwe loyang'anira mabanki la Financial Conduct Authority, pakati pa April 2018 ndi April 2019 bankiyi idalandira madandaulo 225,492, ndipo ntchito zake zidabwerera m'chimake mu December 2018. Pester adatula pansi udindo mu September, makasitomala pafupifupi 80,000 adasamukira kumabanki ena m'chakacho, ndipo vuto lonseli lidadyera bankiyi mapaundi 330 miliyoni.

Chipukutamisozi chomwe makasitomala adalandira chidakwana mapaundi 32.7 miliyoni. Ndalamayi imamveka yambiri, koma mutaigawa mofanana pa madandaulo onse aja, lililonse lingapeze mapaundi pafupifupi 145 basi. Kwa yemwe adangovutika masiku awiri, mwina n'zokwanira. Kwa yemwe dzina ndi adiresi yake zidakagwera m'nyumba ya mlendo, n'zovuta kunena, chifukwa ndalama zobedwa zimabwezedwa koma chomwe maso a munthu aona sichifufutika.

Chilango chidabwera patatha zaka zinayi. Mu December 2022 Financial Conduct Authority pamodzi ndi Prudential Regulation Authority adalamula TSB kulipira chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni, kuposa chipukutamisozi chonse chija, ngakhale ndalama zachindapusa sizipita m'thumba mwa olakwiridwa. Chikadafika mapaundi 69.5 miliyoni, koma bankiyi idachotseredwa gawo lina chifukwa idavomera kuthetsa mlandu msanga. Mu April 2023 Carlos Abarca, yemwe adali mkulu woona za makompyuta pa nthawi ya msamukowo, naye adalamulidwa kulipira mapaundi 81,620.